Mpunga Umene Ndinabweza

Mkazi wanga anamwalira mvula itangoyamba, ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Madokotala anati kunali kuthamanga kwa magazi. Mwana sanapulumuke. Maliro tinakaika kwawo, kufupi ndi Nsipe, ndipo patatha masabata awiri ndinabwerera ku Bwanje, kumene ndimagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Za imfayo ndilekeza pomwepa. Zimene ndikufuna kulemba ndi za chakudya.

Nditafika kunyumba imene tinkachita lendi, ndinapeza pabalaza palibe poponda. Mlamu wanga, mkulu wake wa malemu, amene amagulitsa tomato pamsika wa Nsipe, anali atatsogola masiku anayi kuti akasese m'nyumba ndi kulandira anthu amene sanathe kufika kumaliro. Anthuwo anabweradi, ndipo palibe amene anabwera chimanjamanja. Munali mpunga m'mabeseni, ufa m'zidebe, nyemba ndi nandolo m'majumbo, mango m'malichero, ndi nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo zili phee pansi pa tebulo. Pa zonsezi ndinawonjezerapo thumba la kachewere limene apongozi anandikakamiza kuti ndinyamule.

Mlamuyo anayamba kundifotokozera chimodzichimodzi. "Beseni lofiirali ndi la akazi a abusa. Chidebe ichi ndi cha aja a pa chigayo. Ichi chachokera kwa..." Ine ndinkangogwedeza mutu. Maso anga anali pa nsapato za mkazi wanga kuseri kwa chitseko, imodzi itagona chammbali monga momwe anaivulira. Mlamu anatchula makomo ambirimbiri, ine sindinasunge ndi limodzi lomwe. Mawa lake anabwerera ku tomato wake.

Ndinakulira m'tauni, koma mwambo wa chipepeso ndinkaudziwa. Umalandira ndi manja awiri, umathokoza, sukana ndiponso subweza. Vuto linali loti chakudyacho sichinasiye kubwera. Amayi a kutchalitchi anagawana masiku, Lolemba uyu, Lachiwiri uyo, aliyense ndi mbale ziwiri zovundikira. Alimi a m'sikimu ya mpunga wothirira ankasiya zawo pakhonde ine ndili kuntchito. M'nyumbamo ndinalimo ndekha, munthu wosamva kukoma kwa kanthu kalikonse. Mango anawola. Mu nyemba munalowa anankafumbwe. Nkhuku imodzi, nditaimasula, inayamba kuikira mazira m'katoni ya mabuku anga a ku koleji.

Chimene chinkandivuta kwambiri chinali china. M'mudzi monsemo ndinali mmodzi mwa anthu ochepa kwambiri olandira malipiro mwezi ukatha. Ndipo Januwale m'chigwa muja si mwezi wogawa chakudya. Ntchito yanga ndi yoyenda m'minda ndi m'makomo, choncho ndinkadziwa banja limene nkhokwe yatha, ndi limene layamba kudya kamodzi patsiku. Mayi amene dzulo lake anandiuza kuti ana ake agonera mango owiritsa, lero ankafika pakhomo panga ndi mbale ya ufa woyera, kugwada, nkunena kuti, "Pepani, alangizi." Ndinkalakalaka nditamugwira mapewa nkumutembenuza kuti abwerere nayo. Koma ndinkangoti, "Zikomo kwambiri, mayi, mwandithandiza," kenako nkukakhuthulira ufawo m'chidebe chodzaza kale.

Kuseri kwa nyumba yanga, tsidya la kanjira kopita ku mjigo, kunkakhala mayi wina wamasiye, wachikulire ndithu koma wamphamvu zake. Mkazi wanga ankangowatchula kuti amayi a kuseri, nanenso ndiwatchula choncho. Amuna awo anagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni, nabwerako ndi chifuwa chimene chinawatenga kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo anapitanso komweko ndipo anasiya kuimba foni. Munda wa m'sikimu analibe. Ankadalira ganyu: kuzula mbande pa nazale, kuwokera, kupalira, kuinga mbalame mpunga ukamacha. Pa kuwokera panalibe wowaposa, moti alimi ankachita kuwalimbirana. Pakamwa pawo ndiye panali pakuthwa. Theka la mudzi anali atakanganapo nalo. Ndi mkazi wanga anakanganapo kamodzi, nkhuku zathu zitawadyera mpunga umene anayanika pamphasa, ndipo analalatirana mudzi wonse ukumva. Patatha masiku atatu awiriwo anali atakhala limodzi kuseri kwathu akutong'ola chimanga nkumaseka, koma zimenezo palibe amene anaziona.

Chaka chimenecho mvula inadula kwa masabata angapo. Anthu sanayambe kuwokera, choncho ganyu kunalibe. Tsiku lina ndinazindikira kuti kukhitchini kwa amayi a kuseri sikukufuka utsi. Ndinati mwina achoka. Tsiku lotsatira ndinawaona kuchigayo, atawerama kuseri kwa makina, akusesa madeya otayikira pansi nkumaika m'kajumbo. Ndinayang'ana kumbali kuti asadziwe kuti ndawaona.

Apo ndinaganiza kuti ndapeza nzeru. Chipepeso sukana, inde, koma palibe amene ananena kuti sungagawireko wina. Kwanga chakudya chikuwola, kuseri kuli njala, pakati pake pali kanjira koti mwana angalumphe. Ndinadzidabwa kuti ndachedweranji kuganiza zimenezi.

Loweruka m'mawa ndinalowa m'chipinda momwe ndinaunjika zinthuzo. Mabeseni anali olemera, komanso ankayenera kubwerera kwa eni ake tsiku lina. Pakona panali kamtolo ka mpunga komangidwa mu mpango wobiriwira wotuwa. Ndinakasankha chifukwa kanali komanga kale, kosavuta kunyamula. Ndinamasula pang'ono kuti ndione zamkati. Unali mpunga wosinja mumtondo, wothyokathyoka, wotsalira timankhusu. Ndikukumbukira kuti ndinaganiza zoti umenewu sindikanauphika msanga ngakhale ndikanakhala ndi njala. Ndinamanganso nkutuluka.

Bwalo la amayi a kuseri lilibe mpanda, ndipo pa mjigo panali mzere wa amayi ndi zidebe zawo. Ndinawapeza atakhala pakhonde akusoka thumba.

"Odi."

"Odini. Mwadzuka bwanji, alangizi?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu, mayi?"

"Tadzuka."

Khutu lawo limodzi silimva bwino, choncho polankhula nawo aliyense amakweza mawu. Nanenso ndinakweza.

"Ndabwera ndi mpunga uwu. Landirani. Ine sindingaudye."

Sanandiyang'ane. Anayang'ana kamtoloko nthawi yaitali, singano ili m'manja. Ndinamva mjigo wasiya kulira, koma sindinaganizepo kanthu.

"Simungaudye," anatero.

"Ayi, mayi."

"Chabwino."

Analandira ndi dzanja limodzi nalowa m'nyumba. Ndinati ndi manyazi, munthu wosauka akapatsidwa chinthu anthu akuona. Ndinadziimba mlandu pang'ono kuti ndikanabwera nthawi yopanda anthu, basi. Madzulo ake utsi unafuka kuseri, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro ndinaona ngati ndachita chinthu chanzeru.

Mvula inabweranso sabata yotsatirayo, sikimu yonse nkudzaza anthu. Lachiwiri linali tsiku la atcheya a amayi a kutchalitchi kundibweretsera chakudya. Ndi mayi wonenepa, wolankhula mofatsa, amene palibe chimachitika m'mudzimo iwo osachidziwa.

"Mwachita bwino, alangizi," anatero akuika mbale patebulo. "Ife timaona ngati anthu ophunzira ngati inu simupenya."

Masiku amenewo ndinali pa ntchito yolimbikitsa alimi kuti aziwokera motsata chingwe, choncho ndinaganiza kuti akunena zimenezo.

"Zimangofuna kuleza mtima, mayi. Pang'onopang'ono anthu azindikira."

"Azindikira kale," anatero. "Musadandaule. Tili nanu."

Ndinathokoza.

Lachinayi, poyendera minda, ndinapeza amayi a kuseri atakhala okha pamphepete pa ngalande yaikulu, pamalo pamene anthu aganyu amadikirira m'mawa. Dzuwa linali litakwera kale, anzawo onse atatengedwa. Chapafupi pomwepo mlimi wina, bambo wa minda itatu, ankawokera ndi anthu awiri okha, mbande zili milumilu m'madzi.

"Bambo, bwanji simukuwatenga amayi awo? Amathamanga kuposa awiriwa kuwaphatikiza."

Anaweramuka, nandiyang'ana, naseka pang'ono. "Inuyo mukufunsa ine?"

"Inde."

"Alangizi, musatiyese. Nafenso tili ndi ana."

Ndinachoka ndisanamvetse. Masana omwewo foni inalira. Anali mlamu wanga.

"Alamu, muli pamalo poti mungalankhule?"

"Ndili m'munda. Kwagwanji?"

"Kodi ku koleji kuja ankakuphunzitsani chiyani kwenikweni? Ndikufunsa kuti ndisadzatumizeko ana anga."

"Nenani zimene mukufuna kunena, alamu."

"Mpunga wa mu mpango wobiriwira munapita nawo kuti?"

"Ndinawapatsa amayi a kuseri. Analibe chakudya."

"Munawapatsa."

"Inde."

"Mpango umene amayi aja amavala kutchalitchi Lamulungu lililonse chisamukireni inu ku Bwanje. Mudzi wonse umaudziwa. Inu munauona ngati wa yani?"

Ndinakhala pansi pa mzere wa ngalande.

"Ndinakuuzani ine," anapitiriza. "Anabwera tsiku lachitatu, anakana kulowa, anakhala pakhomo nkulira kuposa ena onse. Anati mbale yabwino alibe, ndiye amangira mu mpango. Ndinakuuzani, inu maso ali kuchitseko."

"Nkhaniyi yafika bwanji ku Nsipe?"

"Akabaza sanyamula anthu okha. Kuno akuti mwamuna wa malemu wabweza chakudya cha mfiti imene inamudyera mkazi, anthu akuona, nkuiuza pamaso kuti sangadye. Akutinso awiriwo anakanganapo za nkhuku. Amayi akufunsa ngati ndi zoona. Ndiwayankhe chiyani?"

"Ine ndinkatanthauza kuti sindingaudye chifukwa kunyumba kuli wambiri."

"Mawu akuti wambiriwo munawatchula?"

Sindinawatchule.

Sindine munthu wokwiya msanga, koma tsiku limenelo ndinakwiyira aliyense. Ndinakwiyira amayi a pa mjigo, atcheya, akabaza, ngakhale mlamu amene anandiuza zoona. Ndinakwiya kuti mkazi wanga anafa ndi matenda okhala ndi dzina, olembedwa m'buku, koma anthu ankafunabe munthu woti amuloze chala. Ndinakwiyanso kwambiri kuti chala chimenecho chinali changa. Mkazi wanga akanauzindikira mpango uja ali patali. Ankadziwa mbale ya khomo lililonse, chitenje cha mayi aliyense. Zaka zitatu ndinakhala m'mudzi umenewo ndikuyenda kumbuyo kwake, iye akundinong'oneza kuti awa ndi a uje, apatseni moni.

Zimene zinkachitikira amayi a kuseri tsopano ndinayamba kuziona bwino. Ganyu sankapatsidwa, nthawi imene ganyu ndiye chakudya cha chaka chonse. Ana ankazungulira njira yaitali kupewa bwalo lawo. M'mawa wina ndinamva phokoso la mwala pakhoma lawo, koma nditatuluka sindinaone munthu. Ndinkadziwa kumene nkhani zotere zimathera. Ndinamvapo za nkhalamba zothamangitsidwa m'midzi, nyumba zawo nkugwetsedwa.

Ndinachita zimene munthu wa sukulu amachita: ndinaganiza zofotokoza. Lamulungu, mapemphero atatha, ndinapempha abusa kuti ndilankhule. Ndinaimirira kutsogolo ndi buku la kuchipatala la mkazi wanga, limene ndinali ndisanalitsegule chimwalirireni iye. Ndinawerenga zimene analemba anamwino. Ndinafotokoza za kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera, za kutupa kwa mapazi, za kupweteka kwa mutu kumene tinkakuona ngati kutopa chabe. Ndinanena kuti mpunga uja ndinaupereka mosadziwa mwini wake, kuti cholakwa ndi changa, ndipo kuti amayi aja sanandilakwire chilichonse. Mawu anga sananjenjemere. Ndinkanyadira zimenezo.

M'tchalitchi monse anthu ankagwedeza mitu. Potuluka, mkulu wina wa mpingo anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri.

"Mwatiphunzitsa, mwana wanga. Kukhululukira munthu woteroyo si chinthu chapafupi."

Kumbuyo kwanga ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Akuopa. Mwina amuopseza."

Ndinaika bukulo m'thumba. Ndinali nditawerengera anthu zamkati mwa thupi la mkazi wanga, ndipo chimene ndinapindula ndi dzina la munthu wokhululuka.

Masana omwewo ndinawoloka kanjira kaja. Amayi a kuseri sanapite kutchalitchi tsiku limenelo. Anali pakhonde, mutu wopanda mpango.

"Odi."

"Mwabweretsanso chiyani?"

"Palibe, mayi. Ndabwera kudzapepesa. Sindinadziwe kuti mpunga uja unachokera kwa inu."

"Ndamva. Akuti mwalalikira bwino."

"Ndinkafuna kuthandiza."

"Mwathandiza. Kale pa mjigo ndinkadikira mpaka dzuwa kufika apo. Pano ndikangotulukira, onse amandisiyira."

Sanandipatse mpando. Ndinanjuta pafupi ndi khonde, kumbali ya khutu lawo labwino.

"Ndipatseni mpunga uja. Ndikaphika ndidyera panja, anthu akuona."

"Ndinadya. Mumati ndiusunge? Ndadya masiku anayi, ndipo ndine pano, sindinafe."

"Ndiye ndikatenge wina kunyumba. Muphike inuyo, tidye limodzi."

Anandiyang'ana monga mmene ine ndimayang'anira mlimi wothira feteleza madzi akuyenda.

"Akuonani mukuwoloka apa ndi jumbo. Ati wabwera ndi chake chifukwa changa akuchiopa. Ati waima pompo kulondera mphika. Inu zimenezi simuziganiza?"

"Nanga ndichite chiyani, mayi?"

Anayang'ana cha kunjira.

"Mubwere mawa masana, nthawi imene anthu amaweruka kusikimu. Mubwere chimanjamanja. Mudya chimene ndili nacho."

"Muli ndi chiyani?"

"Mudzachiona."

Mawa lake ndinapeza andiikira kampando kumapeto kwenikweni kwa khonde, koyang'ana kunjira yaikulu imene anthu amadzera pochoka kusikimu. Anabwera ndi madzi, nandisambitsa m'manja pang'onopang'ono ngati mlendo wolemekezeka. Kenako anatulutsa mbale imodzi ya pulasitiki. Linali phala la madeya, lothira mchere wokha, pambali pake timasamba ta chisoso towiritsa. Ndinawadziwa madeyawo. Ndinawaona akusesedwa.

"Nanga inu?"

"Ndikadya nawo ati ndikudziwa mbali yabwino ya mbale. Idyani."

Ndinasuzumira mumphika umene unali pamafuwa. Unali wopalidwa mpaka pansi. Chimene chinali m'manja mwanga ndicho chinali chakudya chawo cha tsiku limenelo. Kwanga, mapazi makumi atatu kuchoka pamenepo, mpunga unali kuchita nkhungu m'mabeseni. Ndipo njira yokhayo yowathandizira inali kuwadyera phala lawo lomaliza iwo akuyang'ana. Ndinafuna kuponya mbaleyo kunjira, kuti iwamenye oyamba kudutsa. Ndinatenga supuni.

Munali mchenga. Supuni iliyonse mano ankachita kulira. Anthu anayamba kudutsa, matope m'miyendo, makasu pamapewa. Oyamba anangopenya nkuwonjezera liwiro. Otsatira anachepetsa. Wa njinga wina anatsika nkuyamba kuyang'ana tcheni chimene chinalibe vuto lililonse.

"Mwaswera bwanji, alangizi?"

"Ndaswera bwino. Tiyeni tidye."

"Zikomo, zikomo, pitirizani."

Amayi a kuseri anakhala pansi chapambali panga, miyendo atatambasula, akulankhula osatsegula pakamwa kwenikweni.

"Musathamange. Atcheya sanadutse."

"Lazizira, mayi."

"Lizizire. Tapani pang'onopang'ono."

Atcheya anadutsa ndi amayi ena atatu. Anaima. Ndinawapatsa moni phala lili m'kamwa. Anayang'ana mbale, nayang'ana ine, nayang'ananso mbale.

"Funsani lina," ananong'ona amayi a kuseri.

"Lilipo?"

"Palibe. Koma funsani mokweza."

"Mayi, latsalako phalali?" ndinatero, mawu okwanira kufika ku mjigo.

"Latha, mwana wanga, mwamaliza lonse," anayankha mokweza kuposa ine. "Mubwerenso mawa."

M'mawa mwake m'mimba munayamba. Sindikudziwa ngati anali madeyawo, mchengawo, kapena mimba yanga imene inali isanazolowere zoterozo. Kunali kupotokola kwenikweni, ndi kutsegula. Ndili m'chimbudzi kachitatu ndinazindikira kuti sindingathe kudwala. Ndikanapita kuchipatala, chigwa chonse chikanadziwa dzuwa lisanafike pamutu. Ngakhale kukagula mankhwala pa okala sikukanatheka, chifukwa mwini okalayo ndi mlongo wake wa atcheya. Kugona m'nyumba ndiye kunali koipa kuposa zonse. Mudzi wonse unkadikira kuona ngati chitseko changa chitsegulidwe.

Ndinasungunula mchere ndi shuga m'madzi owiritsa, ndinamwa, ndinadzazanso botolo. Ndinavala malaya oyera, nkukwera njinga. Tsiku limenelo ndinayendera minda yambiri kuposa tsiku lina lililonse chiyambireni ntchito. Ndinapereka moni kwa aliyense, mokweza. Ndinaima pa ngalande nkufotokoza za kathiridwe ka feteleza kwa anthu amene sanandifunse, thukuta lozizira likutsika kumsana, maso anga akusaka tchire lapafupi. Kawiri ndinanamizira kukaona mpope wa kumtunda.

Pobwerera ndinakumana ndi atcheya.

"Nkhope yatuwatu, alangizi."

"Ndaiwala kudzola mafuta, mayi."

"Mukumva bwino m'thupi?"

"Bwino kwambiri. Ndikuthamangira kukadya."

Ndinapitadi kukadya. Linali phala lomwe lija, locheperako. Amayi a kuseri anandiyang'ana kamodzi nkudziwa zonse.

"Mimba ya m'tauni," anatero motsitsa. "Musagwere pakhonde panga. Mukafuna kugwa mukagwere kwanu, mutatseka chitseko."

Asanandipatse mbale anandimwetsa madzi owawa a makungwa enaake m'kapu. Ndinazengereza pang'ono, iwo nkuona.

"Nanunso?"

Ndinamwa onse, anthu awiri a panjira akuonerera.

Tsiku lachitatu m'mimba munakhazikika. Nditamaliza kudya anatenga mbale, naiyang'ana, nati, "Madeya atha. Tsopano mutha kubweretsa zanu zija. Mubwere nazo masana, osabisa. Ndipo musayambe ndi mpunga."

Ndinayamba ndi nyemba. Anazithira pa lichero, naona anankafumbwe akuthawira mbali zonse, nandinyoza kwa nthawi yaitali ndithu. Anati munthu wophunzitsa anthu kusamala zokolola akuweta tizilombo m'nyumba. Anati malemu akanaona zimenezi akanandithamangitsa. Aka kanali koyamba kuti munthu atchule mkazi wanga pamaso panga popanda kutsitsa mawu kapena kupendeketsa mutu. Ndinawathandiza kusankha nyembazo, iwo nkumabwerezanso pamene ndasankha ine.

Kuyambira tsiku limenelo tinkadya tonse, mbale ziwiri, pakhonde pomwepo. Ndinaimbira mlamu kuti auze apongozi kuti ndikudya kwa amayi aja tsiku lililonse ndipo ndili moyo. Mlamu anati awauza, koma ndisayembekezere kuti asangalala.

M'mudzimo maganizo sanasinthe tsiku limodzi, ndipo ena sanasinthe mpaka lero. Atcheya anauza anthu kuti mankhwala ena amachedwa kugwira. Ena anati andidyetsa zondipusitsa, nchifukwa chake sindichoka pakhondepo. Mayi wina anasiya kundibweretsera chakudya pa tsiku lake, poti sangapikisane ndi woteroyo, ndipo ndivomere kuti ndinayamikira mumtima. Koma miyala inasiya. Ana anayambanso kudulira pabwalo paja popita kusukulu, poyamba mothamanga, kenako moyenda.

Ganyu ndiye inachedwa. Sabata yonse amayi a kuseri ankalawirira ku ngalande yaikulu, nkubwerako dzuwa litakwera, miyendo youma. Nthawi yowokera inali kutha, ndipo ikatha anthu sasowanso manja ambiri mpaka pa kupalira. Ndinaganiza zopita kwa alimi mmodzimmodzi kukawachonderera. Nditawauza amayi a kuseri maganizo angawo, anakana.

"Mwalankhula kokwanira," anatero. "Idyani basi."

Amene anawatenga anali bambo wa minda itatu uja. Sindikhulupirira kuti anasintha maganizo pa za ufiti. Mbande zake zinali kukalamba pa nazale, mmodzi mwa aganyu ake anadwala malungo, ndipo munda wachitatu unali usanayambidwe. Lachisanu m'mawa anaima patali pang'ono ndi pamene iwo anakhala, nayang'ana kumwamba ngati akuona za mvula, nati, "Mayi, ngati muli ndi mpata."

Zimenezi anandiuza ndi amayi a kuseri eni ake madzulo a tsikulo, atabwera ndi kambale ka ufa kamene analipidwa. Anali ndi matope mpaka m'maondo, ndipo sanakhale pansi.

"Mawa musabwere," anatero. "Ndili kumunda tsiku lonse. Ndilibe nthawi yophikira anthu a malipiro."

"Nanga mkuja?"

"Mkuja ndili kwa ena. Andiuza kale."

Mawa lake ndinadutsa dala cha kumunda wachitatu uja. Anali anayi m'madzimo, onse atawerama, mitolo ya mbande ikuyandama kumbuyo kwawo. Amayi a kuseri anali chakumapeto, atawasiya kale anzawo ndi mapazi angapo. Amayi awiri oyandikana nawo anali atasiya mpata waukulupo kuposa mmene zimakhalira, ndipo sankalankhula nawo. Ndinaima pa ngalande kanthawi, njinga ili m'manja. Amayi a kuseri sanadzutse mutu. Mwini munda anandipatsa moni, nafunsa ngati madziwo achuluka. Ndinamuuza kuti achepetseko pang'ono, kenako ndinapitirira.